Chimene ababa ankaopa

Okondedwa achimwene Yusufu,

Asalamu alaikum. Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Nkhudzi tili bwino, kungoti mwendo wa amayi ukuwavutabe.

Laputopu munatumiza ija ikugwira ntchito. Loweruka ndikaweruka ku hotela timakumana anthu anayi n'kumasewera masewera oponya madayisi, timabokosi ta madontho tija, aliyense ndi munthu wake wongopeka amene amamuyendetsa m'nkhani. Pulogalamu yopangira anthuwo imafunsa dzina, ntchito ndi mphamvu zake. Anzanga anapanga asilikali ndi amatsenga. Ine ndinalemba dzina la malemu ababa, ntchito usodzi.

Mphamvu ndinawapatsa zonse zimene zinalipo. Ndinawaveka mkanjo wawo woyera wa Lachisanu uja, ndipo anaima pa sikirini ngati akudikira kuti mphepo ya mwera ileke. Ndinawayang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kumva kafungo ka usipa kamene sikankachoka m'manja mwawo.

Kenako pulogalamu inafunsa kuti munthuyu amaopa chiyani. Ndinasowa cholemba, ndiye ndinakafunsa amayi. Ndinkayesa atchula ng'ona kapena mafunde.

"Abambo ako nyanja sankaiopa," anatero amayi. "Ankaopa basi ya ku Joni. Ankati popita imanyamula ana, pobwera imanyamula katundu yekha."

Ndinalemba momwemo, achimwene. Ndiye Idi ikubwerayi musatumize katundu. Mubwere inuyo, mudzawaponyere ababa madayisi.

Allah akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Mariamu