Mtedza Umene Unabwezedwa ku Kanengo

Kanengo, Lilongwe

Okondedwa achimwene a Fredson,

Mwadzuka bwanji kumeneko ku Chulu? Kodi chifuwa cha fumbi la fodya chija chinakusiyani? Ine ndili bwino, kungoti zovala zanga zonse zimanunkha mafuta ophikira a kufakitale, mpaka mu minibasi anthu amandiyang'ana ngati ndabisa mandasi.

Nkhani ya sukulu ija yapsa. A yunivesite ya ku Joni ayankha kuti malo a digiri yachiwiri ya uinjiniya wa makemikolo alipo, zaka ziwiri, ndipo fizi alipira okha. Koma abwana andiuza mosapsatira kuti mpando wanga sudzandidikira, komanso kuti pepalalo silikweza malipiro kuno. Mnzanga Feliya anabwerako ndi digiri yomweyo, lero akuphunzitsa ana masamu pakhonde. Ndinakumbukira kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, moti ndinatsala pang'ono kukana.

Chandisintha maganizo ndi mtedza wa kalabu yanu ya alimi, umene unabwezedwa kufakitale kuno mwezi watha. Achimwene, amene anaupima ndine. Ndinaupeza ndi chuku chambiri, chija chili ndi poizoni woononga chiwindi, ndiye ana asadyeko ngakhale chiponde chake. Gwero lake mukulidziwa: kwathu timawaza madzi mtedza kuti makoko afewe pouswa, kenako n'kuuthira m'thumba usanaume. Matumba ena ndinawazindikira ndi msoko, wa amayi uja wobwereza pakona. Komabe ndinasaina chikalata choti matumba onse abwezedwe.

Amayi atandiimbira foni anati wa kufakitale amene anachita zimenezi ndi munthu wopanda mayi. Ine ndinangoti pepani.

Pano ntchito yanga ndi kupima n'kubweza, basi. Kusukuluko ndikaphunzira njira zochotsera poizoniyo m'mafuta, kuti thukuta la anthu lisamangobwerera pa lole. Kaya ndikadzabwerako ntchito ndidzaipeza, sindikudziwa, ndipo mantha ndili nawo ndithu. Komabe ndikufuna kupita.

Pempho langa ndi limodzi. Musanawauze amayi za ulendo, muwauze kaye za mtedza, kuti wopanda mayi uja ndi Jenala wawo yemwe. Inu amakumverani, makamaka mukakhala awiriwiri m'chigafa posankha fodya. Ine ndibwera Loweruka kudzatsazika. Akandilandira ndi mkwiyo ndipirira, akandikaniza ulendo tikambirana. Chimene sindingathe n'kukwera basi ya ku Joni ndi madalitso awo, iwo asakudziwa amene amudalitsa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Feggie, atsibweni a Cornelius ndi ana onse. Kwa amayi moni wanga muyambe mwausunga, mudzaupereke mukatha kulankhula nawo.

Ndine mlongo wanu,
Jenala