Loko wa pa swichi

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi dzanja lija likumawawabe kukazizira? Nanga Amayi, chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno ndilipo, kungoti thupi latopa. Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali, masiku ano ndikangokhala pansi tulo timandipeza cholembera chili m'manja.

Moyo wake ndi uwu. M'mawa ndimakhala ku fakitale, kumene ndikuphunzira kukonza makina opakira katundu m'makatoni, masana n'kuthamangira ku kalasi. Ndimalowa m'kalasimo girizi ali m'zikhadabo, m'makutu mukulirabe makina, aphunzitsi ali kalikiliki kujambula mawaya pa bolodi. Tsiku lina ndinasinza mpaka kugunditsa mphumi pa desiki, ndipo anzanga mpaka lero amandifunsa ngati ndinaipepesa desikiyo.

Chonditopetsa kwenikweni n'chakuti ndili ndi mabwana awiri osamvana. Aphunzitsi anatiuza kuti usanalowetse dzanja m'makina uzimitse magetsi, ukhome swichi ndi loko wako, kiyi uike m'thumba mwako, kuti wina asayatse iwe uli m'kati. Anati akadzabwera kudzationa ku ntchito n'kupeza wina akugwira makina popanda loko, ameneyo walephera pomwepo. Koma akapitawo athu ku fakitale amati zimenezo ndi za m'mabuku, zimachedwetsa ntchito. Iwo amati ukazimitsa ungofuula kuti muli munthu, anzako amva. Amva bwanji, Bambo, m'phokoso loti ngakhale woyandikana naye umalankhula naye ndi manja?

Ine ndinapeza kaloko kanga n'kumakhoma. Amisiri anayamba kundiseka, dzina langa anaiwala, tsopano ndine Loko basi. Ndikamadutsa amafunsana ngati ndimakhomanso ketulo ndisanamwe tiyi. Ndinkangoseka nawo.

Ndiye sabata yatha ndinadziputira ndekha mavuto. Lamba wa makina aakulu anaduka, akapitawo n'kundituma kuti ndikasinthe. Ndinakhoma swichi, ntchito ndinaigwira bwinobwino, koma pomaliza ndinaona kuti nthawi ya kalasi yakwana kale, ndipo tsikulo kunali mayeso. Ndinasamba m'manja chothamanga n'kukakwera basi, kiyi ali m'thumba la ovolosi. M'mayeso foni timazimitsa. Makina anangoima, anthu atakhala pa makatoni kundidikira, mpaka akapitawo anatenga chodulira zitsulo n'kudula loko uja. Ine ndinazindikira potuluka m'mayeso, nditapisa m'thumba n'kukhudza kiyi.

Mawa lake akapitawo anandiitana pamaso pa onse n'kundiponyera zidutswa za loko. Anati akadzaonanso loko pa swichi yawo, ine ndidzakafune kwina kophunzirira ntchito. Ndipo mukudziwa kuti popanda iwo kuvomereza kuti ndikugwira bwino, sukulu sindingapitirize. Kulakwa ndinalakwadi, ndipo ndinapepesa. Nditawafotokozera aphunzitsi, anangoti lamulo ndi lamulo, za ku fakitale iwo sangalowerere. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndavumbwa ndithu.

Sabata ino ndagwira ntchito popanda loko. Ndimafuula monga amanenera, kenako n'kulowetsa dzanja, koma maso amakhala ali ku swichi, mpaka khosi likuwawa ndi kucheuka. Dzulo sipanala inandipulumuka m'manja ndikucheuka chomwecho. Ndikuopa, Bambo. Ndimangokumbukira zimene munandiuza, kuti tsiku lija ku makina ocheka matabwa nanunso munafuula, koma mnzanu sanamve, anayatsa makina n'kukudulani zala. Ndinakula ndikukumangirani mabatani a malaya m'mawa uliwonse, ndiye palibe angandiuze ine kuti loko ndi za m'mabuku.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu akamabwera kuno kudzaoda katundu wawo, muwapatsire loko wamkulu uja wa pa bokosi lanu la zipangizo, amene mumati chodulira chilichonse chimamulephera. Kiyi wake ndidzamumangirira ku chipewa cha ntchito, chimene sitiloledwa kutuluka nacho pa geti, kuti ndisadzapitenso naye ku kalasi. Tsiku limene lokoyo afike ndikakhoma swichi akapitawo akuona, zina zidzaoneka pomwepo.

Mwina andichotsa. Ndikudziwa mmene munayendera mpaka nsapato kutha kuti ndipeze malo ano, n'chifukwa chake ndati mumve kwa ine musanamve kwa ena. Amayi musawauze kaye, angasiye kudya. Akandichotsa ndibwera kunyumba wopanda pepala la sukulu, koma zala zanga zonse zilipo, ndipo mabatani aja ndidzapitiriza kumanga ndine.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa azakhali, kwa achimwene ndi ana awo, komanso kwa mng'ono wanga amene ndamva kuti walanda bedi langa. Mumuuze kuti asalizolowere kwambiri.

Tsalani bwino, dzanjalo muzilifunditsa.

Ndine mwana wanu,
amene kuno akumutcha Loko