Bambo akukana kutsika pabedi limene ndikufuna kulembetsa

Aphungu,

Ndine wowotcherera zitsulo. Shedi yanga ili m'mbali mwa msewu, pamzere umene tonse timagwira ntchito imodzi: mageti, mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo, nthawi zina madesiki a ana a sukulu. Ndakulemberani chifukwa cha bedi limene ndinapanga, komanso chifukwa cha bambo anga amene akukana kutsikapo.

Bambo anachita sitiroko chaka chatha, mbali imodzi inafooka. Ndi munthu wathupi, anayendetsa malole moyo wawo wonse, ndipo atapuma ntchito mimba sinapume nawo. Atatuluka m'chipatala tinawaika m'chipinda cha kumapeto kwa nyumba yanga, chimene khomo lake ndi lopapatiza. Bedi lalikulu silikanalowa. Laling'ono linalowa, koma mlongo wanga, amene ndi namwino, anangoliyang'ana n'kupukusa mutu. Anati, "Achimwene, pamenepa ndiziwatembenuza bwanji? Ndikawakankhira uku agwa, ndikawasiya atuluka zilonda. Ku wodi vuto ndi lomweli. Bedi lotakata silidutsa pakhomo, lodutsa pakhomo sutembenuzirapo munthu."

Mawu amenewo anandikhala m'mutu. Ndinatenga mapaipi aang'ono n'kuwalowetsa m'mapaipi aakulu, kuti m'mbali mwa bedi muzikokeka n'kubwereranso. Ukafuna kudutsa pakhomo umalipanikiza, ukafika m'chipinda umalitambasula n'kumanga mabawuti ndi sipanala.

Kwa ife amisiri, chinthu chikatha chimatuluka panja. Penti imaumira pamsewu, ndipo msewuwo ndiye chikwangwani chathu, tilibenso china. Bedi lija linakhala panja kwa nthawi ndithu, pakati pa geti ndi ngolo ya munthu wina. Anthu ankaima, ine n'kumawaonetsa mmene likutambasukira, ena n'kumajambula pafoni. Kunena zoona ndinkamva kukoma.

Mnzanga wa shedi yoyandikana nayo, amene pamzere ponse timamutcha Fotokope, anabweranso ndi kapu ya tiyi m'manja. Anagwada, anasuzumira kunsi, anayeza ndi zala, n'kunena kuti ndili ndi mutu. Mwezi usanathe, kutsogolo kwa shedi yake kunali mabedi ofanana ndi langa, opakidwa penti yoyera, iye atangowonjezera matayala. Nditamufunsa anaseka. Anati, "Aise, unaliika wekha pamsewu. Ndiye ine maso ndiziwasiya kunyumba pobwera kuntchito?" Mtima unandipsa.

Bedi loyambalo bambo sanakhalitsepo. Kuti litambasuke pankafunika kuwanyamula kaye, ndipo mlongo wanga anati namwino sangamayende ndi sipanala m'thumba ngati makaniko. Ndinaligulitsa ku kachipatala kena kakang'ono n'kuyamba lachiwiri. Ili ndiye ndikulinyadira. Lili ndi chogwirira chimodzi kumiyendo. Ukachizunguza mbali zonse ziwiri zimatuluka mofanana wodwala ali pomwepo, ndipo chimadzitseka chokha kuti bedi lisabwerere mwadzidzidzi. Zoti chizidzitseka chokha, ndi mmene matiresi a m'mbali amapindikira, ndi mlongo wanga anandijambulira pakatoni. Zidutswa ndinkapanga kushedi chimodzichimodzi, koma kulumikiza ndinalumikizira m'chipinda cha bambo momwemo, poti ndinkayeza ndi thupi lawo. Kunsi kwake ndinachita motere…

Tsopano kwabwera mkulu wina wogulitsa zipangizo za m'zipatala. Anaona vidiyo ya bedi loyamba, ndipo nditamuuza za lachiwiri maso anatuluka. Akuti ndilibweretse ku chionetsero cha amisiri chimene chikubwerachi, lidzakhale patebulo pake, ndipo akufuna nditumiziretu zithunzi za kunsi. Koma bambo akanitsitsa. Anati, "Iwe, undinyamulenso ngati thumba la simenti kuti anthu a mataye aone chitsulo? Pano ndiye ndayamba kugona ngati munthu. Udzalitulutsa tsiku lotulutsa ine." Ndawanyengerera, ndalonjeza kuwabwezera pakangotha chionetsero, koma iwo amangotembenukira kukhoma.

Kasitomala wina anandiuza kuti kuli chiphaso chotchedwa patenti, chimene chimaletsa anthu kukopera luso la munthu. Kodi bedi lotambasuka lingalandire chiphaso chimenechi? Nanga Fotokope ndingamuletse bwanji kundidyera masuku pamutu? Ndipo bambo ndiwauze chiyani kuti atsike, mwayi usandipitirire?

W.K.M., kumzere wa amisiri

*

A W.K.M.,

Poyamba, muona kuti kalata yanu ili ndi mpata. Ndime imene munafotokoza za kunsi kwa bedi lachiwiri ndaichotsa ndekha, dala. Munalemba bwino kwambiri, mpaka ine amene sindinagwirepo chowotcherera ndinamvetsa. Fotokope akanamvetsa kuposa ine, ndipo nyuzipepala amawerenga. Ndasiyamo zonena kuti bedilo limachita chiyani, ndachotsa zonena kuti limachita bwanji. Kusiyana kwa ziwirizi ndiye nkhani yanu yonse.

Patenti ndi pangano pakati pa inu ndi boma. Inu mumafotokoza luso lanu lonse papepala, osabisa kanthu, ndipo boma limakupatsani zaka zingapo zoti wina asapange kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chanu. Koma salipereka chifukwa chakuti munthu watuluka thukuta. Amafunsa ngati chinthucho chili chatsopano, kutanthauza kuti sichinaonekepo poyera kulikonse tsiku lolembetsa lisanafike. Amafunsa ngati mmisiri wina wodziwa ntchito yake sakanachiganiza mosavuta. Amafunsanso ngati chingapangike n'kugwira ntchito. Funso lomalizali mwakhoza kale, umboni wake ukugona m'chipinda cha kumapeto.

Tsono ganizo lakuti bedi lizitambasuka ndi kupanikizika si lanu, ndipo si latsopano. Makomo opapatiza ndi odwala athupi ali m'mayiko onse, ndipo opanga mabedi a zipatala anakumana nalo kale vutoli. Ganizo lokha silikhala ndi mwini. Chimene chingakhale ndi mwini ndi njira yeniyeni yochitira zimenezo: chitsulo chakuti chikukoka chakuti, chikutsekedwa ndi chakuti. Mukapita ku ofesi n'kunena kuti "ndapanga bedi lotambasuka," adzakupatsani mpando ndi ulemu, basi. Mukanena kuti "ndapanga njira iyi yotambasulira," m'pamene adzatsegula faelo.

Bedi loyamba liiwaleni. Paipi yolowa mu inzake n'kumangidwa ndi bawuti ili pa miyendo ya matebulo ndi ndodo za olumala, moti mwina silikanadutsa ngakhale mukanalibisa pansi pa nthaka. Koma inu simunalibise. Munaliika pamsewu, munalionetsa kwa aliyense wodutsa, munalola mafoni, kenako munaligulitsa. Mwambo wanu woumitsira penti panja ndi wabwino pa mageti, chifukwa geti likamaonedwa ndi anthu ambiri m'pamene limagulidwa. Pa luso latsopano mwambo womwewo ndi umene umapha mlandu usanayambe. Pamaso pa lamulo la patenti, ngakhale mwini wake akaulula yekha, waulula. Mayiko ena amapereka kanthawi kochepa koti munthu alembetse ataonetsa kale, ena sapereka, ndipo mungafunse mmene zilili kwanuko. Ine sindingakulangizeni kuti muikepo mtima. Madzi akatayika sawoleka.

Za Fotokope, yankho silikusangalatsani. Sanathyole loko, sanabe pepala, sanaphwanye pangano lililonse. Anaona chinthu chosalembetsedwa chili poyera ndipo anapanga chake. Ndi khalidwe lonyansa pakati pa anansi, koma sindikuona mlandu umene mungapite nawo kukhoti. Mawu ake aja ndi amwano, koma ndi oona. Musataye nthawi kukangana naye. Muzimupatsa moni monga kale, ndipo akabwera ndi kapu ya tiyi muzicheza naye za mvula.

Bedi lachiwiri ndi nkhani ina. Malinga ndi kalata yanu, kushedi kunaoneka zidutswa zokha, ndipo lathunthu laonedwa ndi a m'nyumba mwanu basi. Ngati ndi choncho, chinsinsi chikadalipo. Sindikukulonjezani kuti lidutsa. Mwina wina kutali anapanga kale chofanana nacho ndipo inu simudziwa. Koma ili ndi lokhalo limene lili ndi mwayi, ndipo ndi lomwelo mukufuna kulikweza pagalimoto kupita nalo kumene kuli maso ambiri kuposa pamsewu panu.

Chitani izi. Khalani pansi ndi mlongo wanu mujambule njira yonseyo bwinobwino, chidutswa chilichonse ndi ntchito yake. Katoni ija musaitaye. Ndipo poti kutseka kwa chogwirira ndi kupindika kwa matiresi zinachokera kwa iye, dzina lake liyenera kukhala pambali pa lanu. Kungonena vuto sikupanga munthu kukhala mwini luso, koma kujambula yankho kumatero. Mukamusiya kunja mudzakhala mwafooketsa pempho lanu, komanso mwadzipangira Fotokope wa m'banja, amene ndi woopsa kuposa wa pamsewu. Mlongo wanuyo afunsenso ngati pangano lake la ntchito likunenapo kanthu pa luso limene wogwira ntchito watulukira, chifukwa mabwana ena amafuna gawo.

Mukatero pitani ku ofesi ya boma yolembetsa za luso, kapena kwa loya amene ntchito yake ndi imeneyi, osati wa nkhani za malo. Pemphani kuti afufuze kaye m'mapatenti akale a mabedi a zipatala. Zolembazi zambiri zimapezeka pa intaneti, ndipo mlongo wanu angathe kuyamba kuzisanthula pafoni. Mukapeza kuti wina anakutsogolerani, mwapulumutsa nthawi ndi thumba, ndipo loyayo akuuzeni ngati mungapitirize kupanga osaponda pa ufulu wa munthuyo. Mukapanda kupeza, lembetsani, ndipo musatuluke osalandira pepala losonyeza tsiku limene pempho lanu lalowa. Funsaninso ngati kwanuko kuli chiphaso chaching'ono cha luso la amisiri, chimene m'mayiko ena chimakhala chosavuta kupeza ngakhale zaka zake ndi zochepa. Dziwaninso kuti patenti imateteza m'dziko kapena m'chigawo chimene mwalembetsa, osati dziko lonse lapansi.

Mkulu wa zipangizo uja mwina ndi munthu wabwino, sindikumudziwa. Koma onani zimene wapempha. Sanapemphe mtengo, sanafunse kuti mungapange angati. Wapempha zithunzi za kunsi. Muuzeni mwaulemu kuti mukulembetsa kaye ndipo mudzamuitana. Ngati akufunadi kuona lisanalembetsedwe, asayine pangano losunga chinsinsi lolembedwa ndi loya wanu, ndipo aone ndi maso, foni ili m'thumba. Wamalonda weniweni zimenezi sizimudabwitsa. Akakwiya n'kunena kuti simukumukhulupirira, ndiye kuti wakuyankhani funso limene simunafunse. Chionetsero chidzabweranso chaka chamawa, koma chinsinsi chikatuluka sichibwerera.

Chenjezo langa ndi ili: patenti si chilolezo chogonekapo odwala. Chiphasocho chimangonena kuti njirayo ndi yanu, sichinena kuti ndi yotetezeka. Bedi lotambasuka limatha kusiya mpata pakati pa matiresi ndi chitsulo, ndipo mkono wa munthu wofooka ukalowa pamenepo satha kuutulutsa. Musanagulitse ku chipatala chilichonse, liyesedwe ndi oona za miyezo ndi zipangizo za umoyo. Lija munagulitsa ku kachipatala lija pitani mukalionenso, mukamange mabawuti.

Latsala funso la bambo, limene inu mukuliona ngati vuto lalikulu. Mwandipempha mawu oti muwatsitsire, ndipo ndilibe. Bambo anu akanakhala munthu wofewa, bedilo likanatuluka tsiku limene penti inafuna kuuma, Fotokope akanagwada kachiwiri, ndipo kalata yanu ndikanaiyankha ndi mizere iwiri. Iwo za patenti sadziwa ndipo sizikuwakhudza, angofuna kugona osamva kuwawa, chimene ndi chifukwa chomwe munalipangira bedilo. Koma pa anthu onse a m'kalata yanu, ndi iwo okha amene asunga luso lanu, ndipo alisunga pongoligonera.

Asiyeni agone, ndipo potuluka m'chipindamo muzitseka chitseko.

Aphungu