Tsiku Limene Bambo Alizunguliza pa Kalendala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti msana wanga watopa ndi makina osokera.

Pa 9 Juni payandikiranso. Chaka chatha pa tsikuli, wailesi inkatchula mafumu amene anabadwa, nkhondo zimene zinatha ndi anthu otchuka amene anamwalira tsiku ngati lomwelo. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anazimitsa n'kunena kuti, "Amayi anu sanawatchule."

Paja mwana wanga anabadwa madzulo a tsiku limene amayi anatisiya. Akwanitsa zaka khumi, ndipo wandifunsa ngati chaka chino timuimbira kapena tikhalanso chete.

Bambo alizunguliza tsikuli ndi cholembera pa kalendala ya pabalaza. Akudya pang'ono masiku ano. Dzulo anandipatsa suti yawo yakuda kuti ndiibweze m'chiuno, ati ikhale yokonzeka tsikulo lisanafike. Nditawafunsa kumene akupita, anangoti, "Iwe soka."

Ndasoka, achimwene. Chonde bwerani msanga, musadikire tchuthi cha Disembala.

Ndine mlongo wanu.