Miyendo ya Tekilado ya Mkamwini

Gulu: Rosária, Silvino, Délcia

LACHITATU

[09h12] Rosária: ndafika ku loja ya zoimbira kuno ku Moatize. a maestro a ku Zóbuè mulipo?

[09h13] Silvino: ndilipo mana. muwauze kt mukufuna suporte ya teclado, yopinda

[09h15] Rosária: ndanena kt ndikufuna miyendo ya limba la mchimwene wanga, andimva bwinobwino. chipwitikizi chakocho sunga

[09h19] Rosária: [chithunzi] iyi ili ngati tebulo, siipinda

[09h19] Rosária: [chithunzi] iyi nchitsulo chokhachokha, ndayesa kunyamula msana wachita kulira

[09h20] Rosária: [chithunzi] iyi ndi ya mtanda, imapinda ngati sizasi. ili ndi mabowo, umangosuntha kachitsulo kt ikwere kapena itsike

[09h22] Silvino: yolemerayo ayi, cobrador wa chapa akana kuikweza m'minibasi mwake. komanso kuchoka pamsewu kufika kumudzi kuno ndi pa njinga yamoto. ya mtandayo imakwera mpaka pati?

[09h24] Rosária: bowo lapamwamba ikundipitirira pamchombo

[09h24] Silvino: yomweyo. ndikufuna ndiziimba choimirira

[09h25] Rosária: eee. tamvani

[09h28] Silvino: [mawu 0:52] mana musaseke. chikwatirireni kuno tekilado yanga ndimaika pa mtondo wozondotsa, ine pa njerwa. ndikatha kuimba ndimadzuka ngati nkhalamba, msana uli gwa, manja achita dzanzi. woimba weniweni chigongono chimayenera kulingana ndi makiyi, dzanja lisapindike, mapewa akhale omasuka. Loweruka pa ukwati wa Élia, mng'ono wake wa Délcia, kubwera anthu a ku Tete, ena a ku Mwanza. andioneko kamodzi ndili chilili ngati munthu

[09h30] Rosária: ndiye masiku onsewa umaimba ngati chiyani, nyani?

[09h30] Rosária: kkkkk tá bom, ndikuuza mwini loja akulunge

[09h31] Délcia: alamu mwadzuka bwanji. musagule kaye

[09h32] Rosária: ndadzuka alamu. mwamva amuna anu akufuna kutalika?

[09h34] Délcia: bambo a Pililani, mwaiwala kt Loweruka lomwelo ukatha ukwati amalume António atiyankha za chitengwa?

[09h36] Silvino: ndingaiwale bwanji. a Laurindo andisungira malo a ntchito ku oficina yawo, ku wekishopu kuja, mpaka Lolemba basi. akuchikazi akalola kt ndikutenge, Lamulungu tikunyamuka ndi mwana kupita ku Moatize. akakana ntchito yapita. nanga zikukhudzana bwanji ndi tekilado

[09h41] Délcia: [mawu 1:04] amalume ndi pakamwa chabe, mawu ndi a amayi, inunso mukudziwa. ndipo amayi sakhala pa mpando, olo pabwere a bishopu. ayala mphasa yawo kutsogolo penipeni, moyang'anana ndi oimba, kt amuone bwino Élia. ndiye inu, mkamwini amene mukakumana nawo panjira mumapatukira kutchire, amene simunadyepo iwo akuona, mukaime njo pamwamba pawo, mukugwedeza mapewa, maso ali pa liwombo pawo? kenako madzulo mukanjute kt ndipatseni mwana wanu ndipite naye? chabwino, yesani

[09h43] Rosária: kkkkkkk mayo ine

[09h43] Rosária: akulu anati mkamwini asamakule mwendo. wathuyu watuma mlongo wake kt akamugulire miyendo yeniyeni, inayi, yachitsulo

[09h45] Silvino: mwambiwo sutanthauza zimenezo

[09h45] Rosária: ukawauze apongozi ako zimenezo. aa ndaiwala, sulankhula nawo

[09h50] Silvino: ok ndikhala pa mpando. bowo lapakati. chigongono chilingana ndithu

[09h51] Délcia: mpando ndi mphasa chachitali nchiti?

[10h06] Rosária: a maestro?

[10h07] Rosária: mwini loja wayamba kundiyang'ana ngati ndabwera kudzausa pamthunzi

[10h11] Rosária: [chithunzi] ndatsitsa mpaka bowo lomaliza. yatambalala ngati nkhuku yootcha pamsewu. ikundilekeza m'mawondo. akuti limeneli amaikira ana a escolinha, sukulu ya mkaka

[10h12] Silvino: pamenepo ndingaimbe bwanji? ndigone chafufumimba?

[10h12] Délcia: mugwada

[10h13] Silvino: tsiku lonse?

[10h13] Délcia: ku misa mumagwada

[10h14] Silvino: ku misa padre amanena kt imirirani

[10h16] Rosária: wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. ndagula. ndiipereka kwa cobrador wa chapa cha mawa mmawa, ukaidikire pamsewu. ukagwada chigongono chako chotchukacho chilingana ndi makiyi bwinobwino, ndayesera ndekha pano anthu akundiseka

LACHINAYI

[11h40] Silvino: yafika. zkm mana

[11h41] Silvino: [chithunzi] taonani mmene ikukhalira pa bowo lapamwamba

[11h42] Rosária: wavaliranji jekete? kt uime kuseri kwa khola la mbuzi?

[11h44] Silvino: ndinangofuna ndimve mmene zimakhalira. mana, zala zikuyenda zokha. msana uli zii, osamva kanthu

[11h45] Délcia: tsitsani, amayi akubwera kuchokera kuchigayo

[11h45] Silvino: sangandione kuno

[11h46] Délcia: Pililani akakuonani ndiye kt agogo ake amva

[12h20] Silvino: ndayesera chogwada. nyimbo zitatu zokha mawondo atupa

[12h22] Rosária: pinda chitenje uike pansi. amayi athu ankasinja chogwada, sanatumize chithunzi kwa munthu

[12h30] Rosária: [mawu 0:47] iwe, nthabwala pambali. chipinda cha kuseri ndachotsamo matumba onse, ndasesa, ndapaka laimu. a Laurindo anadutsa dzulo kufunsa ngati ukubweradi, akuti pali anyamata ena akuzungulira pa oficina ngati ntchentche. ine ndatopa kukhala ndekha pa nyumba ya malemu amayi, ndikufuna m'bale wanga pafupi, ndanena poyera. ndiye ugwade, ukwawe, ugubuduke ngati nkofunika, koma Lamulungu ndikuoneni pano

[12h41] Délcia: alamu fumbi la malasha lija likadalipo?

[12h43] Rosária: lipite kuti? zoyera timayanika m'nyumba. munthu amazolowera

[12h44] Délcia: Pililani chifuwa sichimuchedwa

[12h45] Rosária: ana ali mbwee kuno, akukula ndithu. akuda pang'ono basi kkk

[12h58] Délcia: ok

[15h10] Délcia: bambo a Pililani, ndawauza amayi kt mwagula miyendo yaitali yoimbira choimirira, koma mwasankha nokha kuitsitsa mpaka pansi chf cha ulemu wawo

[15h11] Silvino: ndasankha ndekha?

[15h11] Silvino: ati bwanji

[15h14] Délcia: angoti ooo

[15h15] Rosária: ooo wa apongozi ndi chiganizo chathunthu. zikuyenda

LOWERUKA

[10h05] Rosária: ine ndili pa banca ndikugulitsa, sindikanatseka Loweruka la malipiro a kumgodi. alamu muzinditumizira zonse

[11h32] Délcia: [chithunzi]

[11h33] Rosária: kkkkkkkkk

[11h33] Rosária: ndafa ine

[11h34] Rosária: jekete, tayi, nsapato zopukuta, munthu ali gwadaa pa fumbi ngati akupepesa mlandu wa mbuzi

[11h35] Rosária: kumbuyoko amene agwira pakamwawo ndani?

[11h37] Délcia: anyamata oimba a banda ya ku Tete, abale a mkwati

[11h38] Rosária: amayi anu?

[11h40] Délcia: ali pa mphasa, atembenukira kumbali. koma phazi likugunda

[13h02] Silvino: tapuma, anthu akudya. mawondo sindikuwamva

[13h03] Silvino: wa gitala wa ku Tete wandifunsa ngati ndinalumala ndi bomba la pansi

[13h03] Silvino: wina wandiponyera chitenje kt ndifunde kumutu ndikhale mkwatibwi wachiwiri

[13h04] Silvino: ndikukweza. bowo limodzi lokha, ndikhale pa ndowa

[13h05] Rosária: usayerekeze. Lolemba amene akhale pa oficina ndiwe kapena wa gitalayo?

[13h06] Délcia: amayi angouza a Eugénia a kwa mkwati kt ameneyo ndi mkamwini wanga. sananenepo chikwatirireni

[13h06] Délcia: pirirani, kwatsala kuvina ndi kufupa basi

[13h09] Silvino: basi? ndiwo ukwati wonsewo

[13h10] Rosária: imba mofulumira

[16h25] Délcia: watha. akwati anyamuka. amalume aitanitsa anthu pansi pa mtengo wa mapeyala

[16h26] Rosária: a maestro atha kuyenda?

[16h27] Délcia: awagwirira

[16h27] Rosária: kkk muwaike pa wilibala pamodzi ndi tekilado. ndikudikira

[17h10] Rosária: nde?

[17h38] Rosária: ndiphe nkhuku ya mawa kapena?

[18h02] Rosária: Silvino

[18h03] Rosária: alamu ndikuona kt mukuwerenga

LAMULUNGU

[07h15] Rosária: chapa choyamba chadutsa, simunatsike. ndaima pamsewu ngati wamisala

[07h48] Silvino: [mawu 2:11] mana. nkhuku ija isiyeni. amalume António anayamba ndi kutsokomola kwawo kuja, akuti mwana wathu Silvino, lero watikweza pamaso pa alendo. apongozi ali potero atafulatira, akunong'oneza amalume, amalume nkumatula. akuti chibwerereni ku Mwanza nkhondo itatha sanaonepo mkamwini wotere. akuti akamwini a masiku ano amapatsa apongozi moni wa padzanja chipewa chili kumutu, koma uyu anagula chitsulo choti aimirire ngati a ku mzinda, nachithyola yekha kt asapose mphasa. ine mumtima ndikuti eya, zatheka. kenako amalume akuti, ndiye munthu wotere kumulola apite ku Moatize nkutaya mbewu. sapita. akhale pano, akamwini enawa aziphunzirira pa iye. ndipo andipatsa dimba la kumtsinje, lija apongozi analambula okha ndi manja atangobwera kothawa nkhondo, lomwe anawakaniza ana awo aamuna. nthungululu pamenepo. mana, ndinafuna ndiimirire ndiyankhe, ndinene za ntchito. miyendo inakana. mawondo anali atauma. ndinangotsala chogwada pomwepo, pakamwa pali yasa, amalume nkumati taonani, akuthokoza

[07h49] Silvino: sekani tsopano

[08h20] Silvino: mana?

[08h34] Rosária: sindikuseka

[08h35] Rosária: a Laurindo ndikawauze chiyani

[08h37] Silvino: apatse wina. dimba ndalilandira pamaso pa mudzi wonse, ndingalibweze bwanji

[08h38] Rosária: ndine ndinakuuza kt ukwawe. chitsiru ndi ine

[08h39] Rosária: ukanaima njo ngati mlongoti, bwenzi atakuthamangitsa okha, mkazi ndi mwana akukutsata pambuyo

[08h52] Rosária: alamu

[08h52] Rosária: amayi anu mumawadziwa kuposa tonsefe. amene anaona zoti mpando watalika ndinu. amene anakawauza zoti watsitsa yekha ndinu

[08h53] Rosária: ine ndimati ndine wochenjera pagulu pano

[09h05] Délcia: alamu Pililani akukupatsani moni. kachewere akakhwima kudimbako tidzakutumizirani thumba

[09h06] Rosária: obrigada. mudzaike ndi nzeru pang'ono pamwamba pake

[09h07] Rosária watuluka m'gulu

[09h11] Silvino: Délcia

[09h12] Silvino: unkadziwa kt amayi adzatero?

[09h26] Silvino: ndili pakhonde pompano, ndikukuona uli ndi foni m'manja kukhitchiniko. ndikanatha kuyenda ndikanabwera kudzakufunsa pamaso

[09h27] Silvino: unkadziwa?

[09h33] Délcia: madzi atentha. tambasulani miyendo, ndikubwera ndikuthoweni mawondo