Mzime Akufuna Kubwera Kwathu

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Kodi mawondo aja akukulolani kupita kudimba, kapena ayambanso kutupa ndi kuzizira kwayambaku? Abambo akupeza bwanji ndi chifuwa chawo chija? Nanga mdzukulu wanu, mano akutsogolo aja anamera? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ndiwo ukudandaula ndi makina osokera. Mzime wanu nayenso ali moyo, ali pompano pambali panga, ndipo nkhani yake ndi imene yandigwiritsa cholembera.

Ndikanatha kuimba foni, koma foni ya pakhomo imakhala m'thumba la abambo, ndipo mawu awa ndikufuna ayambe afika kwa inu. Muvale magalasi anu, mukhale kuseri kwa khitchini, muwerenge nokha.

Ndikudziwa kuti chithunzi chake cha munyuzipepala chija munachiona. Achimwene anandiuza pafoni kuti chinazungulira mudzi wonse, mpaka amayi a kwaya ankapatsirana pakhomo pa tchalitchi. Mwamva za anthu amene sanalipo, tsopano mumveko za ine amene ndinalipo.

Za ntchito ya Mzime, inu ndi ine sitinakambepo poyera. Munkangondifunsa ngati mng'ono wanga akudya, ine n'kumati akudya. Lero ndinena. Sitolo imene ankagulitsamo itatsekedwa, anasakasaka ntchito osaipeza, kenaka anayamba kukhala pa bala ina yokhala ndi zipinda kuseri, amuna n'kumamulipira kuti agone naye. Ndinamukalipira, tinakhala osayankhulana nthawi ndithu, kenaka tinayanjana. Sindikulemba kuti muivomereze ntchitoyo. Ndikufuna mudziwe chimene chinachitikira mwana wanu.

Tsiku lina m'mawa ndikutsegula kumene shopu, kunafika mtsikana wina wogwira naye ntchito, amene anzake amamutcha Wamtali. Anali atavala silipasi zosiyana, wefuwefu. Anati Mzime ali kuchipatala. Bambo wina anapita naye kuchipinda, ndipo Mzime atamuuza kuti popanda chodzitetezera sizitheka, bamboyo anakhoma chitseko n'kuyamba kumukwapula ndi lamba, kenaka botolo. Mlonda anamva kukuwa koma anati za m'chipinda n'za eni ake. Chitseko anachita kuthyola ndi atsikana anzake.

Kuchipatalako Mzime ndinamupeza atakhala pabenchi m'khonde, osati pabedi. Mkono wakumanja unali utathyoka, tsaya litang'ambika kuyambira pansi pa diso mpaka pamlomo, diso linalo litatsekeka ndi kutupa. Amayi, ndinamudutsa osamuzindikira. Ndinachita kubwerera nditaona chipsera cha pabondo chija, chimene anavulala atagwa panjinga ya amalume. Atandiona anayesa kuseka, n'kunditchula dzina langa, akuti Nasingano wafika, tsopano apeza womusoka. Ndinakhala pambali pake.

Achipatala ankati tiyambe tabwera ndi chikalata cha kupolisi. Mwayi wake panali namwino wina wachikulire amene sanafunse zambiri. Anangomugwira dzanja n'kulowa naye, ndipo anamusoka mwaluso kwambiri. Ine wa ntchito ya singano ndikuchitira umboni.

Tili m'khonde momwemo kunabwera mnyamata wovala bwino, woyankhula mwachifundo. Tinkayesa ndi wa chipatala chomwecho. Anafunsa Wamtali mafunso, anatipepesa, ndipo sitinaone n'komwe nthawi imene anajambula. Mawa lake ndikudutsa pa depoti ndinaona nkhope ya mng'ono wanga pa tsamba loyamba la nyuzipepala, itapanidwa pa waya ndi zopanira zovala. Pamwamba pake analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti hule walawa zowawa za malonda ake. Analemba dzina lake lonse ndi la mudzi wathu. Za womenyayo anangoti mkulu wina wa bizinesi, popanda dzina kapena chithunzi.

Kushopu kwathu wailesi siizima. M'mawa umenewo oulutsa awiri anaisandutsa nkhaniyo nthabwala, anthu n'kumaimba mafoni. Wina anati akazi otere amaziputa dala, wina anati bamboyo anangolakwitsa kusiya mkono winawo. Anzanga osoka anaseka mpaka mmodzi anandiyang'ana, n'kudzuka kukatsitsa wailesiyo. Ine ndinangopitiriza kupalasa makina. Pomaliza ndinapeza kuti ndasokera mkono wa malaya chozondoka.

Masana ake ndinapita ku ofesi ya nyuzipepalayo. Anandikhazika nthawi yaitali pampando wa pulasitiki, kenaka mkonzi wake anatuluka atagwira kapu ya tiyi. Anati dzina la bamboyo sangalembe poti khoti silinamupeze wolakwa, angawasumire. Nditafunsa za dzina la mng'ono wanga, anati mkazi wa ntchito imeneyo alibe mbiri yoti n'kuipitsidwa, ndipo nkhani zotere n'zimene anthu amagula. Sanandikalipire ayi, anandiperekeza mwaulemu mpaka pakhomo. Bwenzi bola akanandikalipira.

Kupolisi tinapita atatu, ine, Mzime ndi Wamtali. Wapolisi wa pakauntala anaseka, n'kufunsa kuti wogulitsa angadandaule bwanji kuti wogula wagwira katundu. Anatinso Mzime akalimbikira akhoza kumutsekera iyeyo chifukwa choyendayenda popanda chifukwa. Potuluka Wamtali anandiuza kuti n'chifukwa chake iwo akamenyedwa amangothowa ndi madzi otentha n'kukhala chete. Anatchula anzawo ena amene anapezeka atafa m'zipinda, nkhani zawo n'kuthera pomwepo.

Wamtali yemweyo ndi amene anatipezera loya wamkazi wa bungwe lina lothandiza amayi. Mayiyo anabwera kuchipinda kwanga, anavula nsapato pakhomo, n'kukhala pamphasa. Anatifotokozera kuti malamulo a kuno ndi okhotakhota. Sanena mwachindunji kuti mkazi wa ntchito imeneyi ndi wolakwa, koma samutetezanso. Amangomusiya pakati, ndiye aliyense wovala yunifolomu amawamasulira m'mene wafunira. Koma anati palibe lamulo lililonse lolola munthu kuthyola mkono wa mnzake, kaya mnzakeyo amagwira ntchito yanji. Atatiperekeza iye kupolisi, cholembera chinapezeka, mpando unapezekanso.

Mlandu unayenda mwakwawakwawa, lero bwerani, mawa woweruza wadwala. Tsiku lopereka umboni Mzime anavala diresi langa labuluu, mkono uli m'chikhakha. Loya wa bamboyo sanafunse za botolo kapena lamba. Ankangofunsa kuti amagona ndi amuna angati, kuti makolo ake akudziwa kodi, kuti alibe manyazi kodi. Anthu kumbuyo ankaseka chapansipansi. Ine ndinazolika mutu. Mwana wanu, uja ankabisala kuseri kwa chitenje chanu alendo akafika, anaimirira chilili n'kuyang'ana woweruza.

"Bwana, ntchito yanga sindikuikana," anatero. "Koma mkono wangawu ndi nkhope yangayi sindinagulitse kwa munthu."

Woweruza anamupeza bamboyo wolakwa, koma anangomulipiritsa chindapusa, kundende sanapiteko. Anatulukira khomo lomwe tinatulukira ife, mkazi wake akumudikira m'galimoto. Atolankhani tsiku limenelo kunalibe ndi mmodzi yemwe. Loya wathu anati tapambana, pakuti milandu yotere kawirikawiri siifika n'komwe pamaso pa woweruza. Mzime anathokoza, n'kundinong'oneza kuti akufuna akagone.

Kuyambira pamene anatuluka m'chipatala akukhala ndi ine. Chipinda changa mukuchidziwa m'mene ndinakufotokozerani, bedi limodzi, mbaula kuseri kwa chitseko, zovala pa msomali. Alandilodi anadandaula kuti nyumba yawo itchuka zoipa, koma akazi awo anawaletsa. Makasitomala ena anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Ena anabweranso okha ataona kuti telala wina amene anapitako akuwasokera masiketi okhota. Zimenezi zisakudetseni nkhawa, tikudya.

Chikhakha anachotsa, koma mkonowo sunawongoke bwino, ndipo kukazizira umamupweteka. Waphunzira kusokerera mabatani ndi dzanja lamanzere. Oyambirira ankakhala ngati aledzera, tsopano akuima pamzere. Ku bala kuja akuti sadzapondakonso, ngakhale ndikuuzeni zoona kuti sindikudziwa chimene njala ikanamuuza ndikanakhala kuti ine palibe. Panja satuluka kawirikawiri. Tsiku lina anapita kukagula makala, wogulitsayo n'kumuitana ndi mawu a munyuzipepala aja. Anabwerako wopanda makala.

Zenera lathu limayang'ana ku depoti. Ndikamaweruka ndimamupeza atakhala pomwepo, akuonerera mabasi opita kumbali yakwathuko. Mawu a kondakitala wake anawaloweza, moti nthawi zina amamutsanzira kuti andiseketse. Kenaka amayamba mafunso. Amandifunsa ngati ndikukumbuka m'mene mumaimbira mukamasesa pabwalo, nyimbo imodzi yomweyo, mawu ake theka mutaiwala. Amafunsa ngati mtengo wa mapeyala kuseri kwa bafa ukadabereka, ngati mbuzi yopanda nyanga ija ikadali yakuba, ngati chitseko cha chipinda chathu chikadalira munthu akamatsegula. Ine ndimamuyankha ngati ndikudziwa, chonsecho nanenso ndinachoka kalekale.

Amayi, sindinama, mafunso akewo andidwalitsa nanenso. Kuno mvula ikagwa imanunkha ngalande. Ndimakumbuka fungo la dothi la pabwalo pathu mvula yoyamba ikagwa, ife tikuthamanga kukaanula zovala, inu mukutikalipira kuti tisaterereke. Ndimafuna nditangokhala pakhonde panu tsiku limodzi, mukundimasula tsitsi n'kumandiuza kuti ndawonda.

Koma chimene chikumudya kwenikweni Mzime ndi mwana wake, mdzukulu wanu mukumulerayo. Chichitikireni zimenezi sanayankhule naye. Amaopa kuimba, poti sadziwa amene angayankhe foni. Amandifunsa ngati anzake akusukulu akumuseka, ngati wina anamuonetsa chithunzi chija, ngati akadamutchula. Loweruka lina ndinamutengera kushopu anthu ataweruka. Ndinamupeza ataima pa galasi loyesera zovala, akutembenuza nkhope uku ndi uku. Anati akufuna adziwe mbali yoti adzaimire kuti mwanayo asadzayambe kuona chipseracho.

Achimwene anandiuza mawu a abambo, kuti alibe mwana wotero ndipo asadzaponde pakhomo pawo. Sindikuwaweruza. Ndikudziwa manyazi amene anawagwera pakati pa amuna anzawo, ndipo ndikudziwa kuti inunso mukuyenda chozolika popita kuchitsime. Mawu amenewo Mzime sindinamuuze, koma si mwana, amaona yekha kuti foni siikulira.

Pempho langa ndi limodzi. Muyankhule ndi abambo kuti Mzime abwere kwathu. Inu mumadziwa nthawi yawo yabwino, akasamba ndi kudya, atakhala pampando wawo uja. Zikakanika muitane azakhali, pakuti mlongo wawo yekhayo ndi amene amatha kuwabweza akatsimikiza chinthu. Muwauze kuti amene anamenyayo akugona m'nyumba mwake, akudya ndi ana ake, palibe amene wamuthamangitsa. Paja inu nomwe munkatiuza tikamenyana kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Mzime sakupempha kuti mumulandire ndi nthungululu. Akuti akhoza kumagona m'khitchini, kudimba azithirira ndi dzanja limodzi, kutchalitchi azikhala kumbuyo kwenikweni. Akungofuna adzuke m'mawa, amusambitse mwana wake, amuperekeze mpaka panjira ya kusukulu. Abambo akakanitsitsa, mundiuze ine ndekha, ndipo ndipitiriza kumusunga. Sakundilemera ayi. Kungoti ine ndingamupatse bedi ndi chakudya, koma sindingakhale mayi ake, sindingakhalenso mwana wake.

M'kathumba kali ndi kalatayi muli mafuta opaka mawondo anu, sikafu ya abambo, ndi diresi la mdzukulu wanu. Nsalu yake anasankha ndi Mzime, kusoka ndinasoka ine, mabatani ndi ake. Tinakangana pa muyeso, poti palibe mwa ife amene akudziwa kuti mwanayo watalika bwanji. Tasiya mpindiro waukulu m'munsi. Likafupika mungomasula ulusiwo.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi ana awo onse. Mdzukulu wanu mumuuze kuti amayi ake aakulu akumufuna, ndipo amayi ake omubereka amamutchula tsiku lililonse. Ndamufunsa Mzime ngati ndilembe moni wake kwa abambo. Wati sakudziwa ngati akadali ndi chilolezo chowapatsa moni. Ine ndalemba. Abambo alandire moni wa ana awo aakazi onse awiri.

Yankho mupatsire dalaivala yemwe wakubweretserani kalatayu, amabwerera kuno sabata iliyonse. Musavutike ndi kulemba zambiri. Mukangomuuza dalaivalayo kuti Mzime abwere, ine ndidzatseka makina, ndidzamunyamulira chikwama, ndipo tidzatsikira limodzi pa siteji yakwathu.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Nasingano