Kachingwe Kaja Ndinakasokera M'kati

Wokondedwa mlongo wanga,

Moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji kumtsinje kumeneko, chifuwa chija chinasiya? Kuno ana ali bwino, alamu ako ndiwo ali m'chipatala. Ali moyo, usadzidzimuke. Foni yako siikupezeka, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi adalaivala a kuntchito kwanu. Usalowe m'madzi usanaimalize.

Ukukumbuka masiketi awiri a labala amene munandipatsa kuti ndisoke mong'ambika, yako ndi ya alamu ako? Aja mumavala m'chiuno n'kukoleka pakamwa pa kabwato kaja ka kayaki kuti madzi asalowe. Ndinakusekani kuti amuna andevu mwayamba masiketi. Lero kuseka kwandithera.

Kutsogolo kwa siketi iliyonse kunkalendewera kachingwe kopinda. Ine ndi maso autelala ndinayesa n'kokolekera pamsomali, ndipo ukundidziwa, chovala sichichoka pamakina anga chili ndi zolendewera. Ndinakapindira m'kati n'kukasoka ndi ulusi wolimba. Sindinafunse munthu.

Lachiwiri kayaki inawatembenukira alamu ako pamathithi akuperekeza alendo. Akuti anachita monga mumaphunzitsira ena: anawerama, n'kuyendetsa manja m'mphepete mpaka kutsogolo kuti akoke kachingweko, siketi imasuke. Sanakapeze. Mutu uli pansi, miyendo yatsekeredwa m'bwato, madzi akuwakokera kumiyala. Akuti anapapasanso mpaka m'maso munayamba kuda. Mulungu yekha ndiye anawakumbutsa kutsina labala pambali pa chiuno n'kukankha ndi bondo mpaka inafwamphuka. Anzawo anawavuula atamwa madzi, chipumi chitang'ambika.

M'chipatala amangodziimba mlandu kuti anavala mothamanga, osayang'ana. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuwauza kuti wolakwa ndine. Iwo anangofunsa kuti nanga ya mlamu wawo ili kuti. Unapita nayo iwe m'chikwama, yosokedwa chimodzimodzi.

Chonde, tenga lezala udule ulusi wanga wonse, kachingweko katulukire kunja. Uyambe wayesa kukakoka uli pamtunda, anzako akuona. Zondikalipira udzandikalipira ukabwera, ndidzamvetsera nditagwada.

Upereke moni kwa mlamu wanga ndi khanda. Yehova akusunge polowa m'madzi ndi potuluka. Adalaivala ndawauza kuti asabwerere opanda ulusiwo m'manja. Ndikauona, ndi pamene ndidzapeze tulo.

Ndine mlongo wako,
Make mapasa